Chitsulo Chogwedeza Mbuyo Ngati a Gilberto

Akuti ku Tete kuli chitsulo chimene chimanyamula matumba ndendende ngati a Gilberto a ku Ntengo-Wambalame. Ine miseche sindiikonda, Mulungu ndi mboni, koma nkhani iyi ndaifotokoza kale kumaliro ndi ku ukwati komwe.

A Gilberto tonse tinakula tikuwaona pamsika wa Tsangano akukweza matumba a mbatatesi m'kamiyau, galimoto lalikulu la katundu. Munthuyu anali ndi kanyamulidwe kakekake. Asanagwire thumba ankayamba agwedeza mbuyo uku ndi uku ngati bakha, n'kupendekera kumanzere, kenako hii! thumba m'mwamba. Ana ankathawa ku esikola kudzaonerera. Akazi awo, mayi Albertina, ankazungulira kuseri kwa tchalitchi kuti asaone.

Tsiku lina mayiwo anatopa. "Bambo, musiye matumba, apo ayi mupinde mphasa yanu mubwerere kwanu." A Gilberto analumbira kuti asiya, n'kupita ku Tete kukalowa pa fabirika ya ufa. Pa Natale, nyengo ya Khirisimasi, ankabwera atamanga garavata pakhosi, ati ndi shefi tsopano, bwana weniweni, dzanja lawo limagwira cholembera basi. Mayi Albertina anayamba kukhala kutsogolo m'tchalitchi.

Chaka chino abwera, ati ali pa feriyasi, tchuthi cha kuntchito. Tabzala nyemba, takolola, feriyasi osatha.

Ndiye Loweruka lapitali Nelson, woyendetsa kamiyau, anatulutsa telefoni pamsika. Ati eni fabirika ija anagula robo, dzanja lachitsulo lalitali ngati bulugamu, loti lizisanja matumba. Kuti liphunzire ntchito, anamata timawaya pathupi la wonyamula wawo wamphamvu kuposa onse, makina n'kumakopera chilichonse. Litaphunzira, wonyamulayo anamuuza kuti zikomo, pitani bwino.

Tinaunjikana kuonera kanema wake pa telefonipo. Chitsulo chija chinafika pa thumba, chinaima. Chinagwedeza mbuyo uku ndi uku. Chinapendekera kumanzere.

Msika wonse unagwa pansi ndi kuseka. Mayi wina wogulitsa kabichi tinachita kumuthira madzi.

"Akatswiri ayesetsa kuchiletsa," anatero Nelson. "Akangochotsa kagwedezedweko, thumba chimagwetsa!"

A Gilberto anali pomwepo, maso pa nsapato ngati akuziona koyamba. Thukuta kamukamu, ku Tsangano kozizira kuno. Mayi Albertina analanda telefoni, anaonera, anabwereza, anabwerezanso.

"Bambo a Lídia," anatero kwa amuna awo motsitsa mawu, "cholembera chanu chija chinali cha makilo angati?"

"Mayi, makina amafanana ndi anthu ambiri."

"Mbuyo imeneyi ndakhala nayo m'nyumba zaka zonsezi. Ndingaisokoneze ine? Nenani pano, anthu amve. Munkanyamula kapena ayi?"

A Gilberto anayang'ana Nelson, Nelson anayang'ana kumwamba. A Gilberto anatsokomola, n'kukweza mawu:

"Ine chitsulo chimenecho sindikuchidziwa. Ku Tete thumba sindinaligwirepo."