Tsiku Limene Ndinakana Kugoneka Tivi M'boti

Mundikhululukire kuti nanenso ndagwira cholembera. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, kwa Mwambo, ndipo pagulu sindiyankhulayankhula. Koma nkhani ya tivi ya Che Saidi yakhala ikukambidwa mokhota padoko la Kachulu, ena akuti ndinanyoza akuluakulu. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha momwe inayendera.

Ntchito anandipezera ndi malume anga, amene amanyamula katundu pa njinga kuchokera pasiteji ya maminibasi kupita kudoko. Iwo anamva kuti Mayi Nankhoma, eni shopu ya masola, mabatire ndi mativi, akufuna mnyamata wosesa komanso wothandiza mmisiri wawo, a Chikopa. Ndinapita ndi setifiketi yanga ya Fomu 4 mu envelopu, koma sanaiyang'ane n'komwe. Anangondifunsa ngati ndimamvera akulu. Ndinati eya, ndipo sindinkanama. Masiku amenewo anthu awiri akandituma nthawi imodzi ndinkavomera konse.

A Chikopa anandiphunzitsa kuyeza batire ndi mita, kulumikiza invata osasokoneza waya wofiira ndi wakuda, kuboola khoma ndi dilu, ndi kumanga bulaketi yogwirira tivi pakhoma, diso lili pa levulo kuti isapendekeke. Sikirini imapukutidwa ndi kansalu kofewa, kouma. Koma panali lamulo limodzi lomwe ankalibwereza mpaka kutopetsa.

"Tivi yaikulu sigonekedwa, mphwanga. Galasi lake ndi lopyapyala. Ukaigoneka n'kumagwedezeka, limang'aluka ndi kulemera kwake komwe. Iziyenda chiimirire, ngakhale akuuze ndi bambo ako okubala."

M'mwezi wa Juni kunabwera Che Saidi, wamalonda a matemba ouma amene nyumba yawo ili pachilumba cha Chisi. Ankafuna tivi ya mainchesi 65, yaikulu kuposa zonse mushopumo, yoti banja lizionerapo mpira komanso ana azisewererapo magemu. A Chikopa anali kumudzi kwawo kukadwazika mayi awo, choncho Mayi Nankhoma anatuma ine kukaona nyumbayo.

Ndinapita ndi tepi yoyezera ndi mita. Kuchokera pampando kufika pakhoma sipanakwane mamita atatu. Batire linali limodzi, ndipo lomwelo ndi limene linkayatsa mababu ndi kutchaja mafoni a nyumba yonse. Tivi yaikuluyo ikanamaliza moto mpira usanathe. Ndinapempha kuti mawa lake abweretse makina awo a gemu kushopu, ndipo tinayesa pa mativi awiri. Pa yaikuluyo, ukadina batani wosewera ankamenya mpira mochedwerako pang'ono. Pa ya mainchesi 50, yomwe inali ndi potchera pa magemu, mpira unkachoka chala chikadali pabatani. Inalinso ndi mabowo atatu a HDMI, kuti dikoda ndi gemu zisamazulidwezulidwe. Ndinafotokoza zonsezi nkhope ili pansi. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankayesa gemuyo, anati yaing'onoyo ndiyo yabwino. Che Saidi anaigula, koma sanakondwe. Potuluka anauza anthu amene anali pakhonde kuti masiku ano mwana wa dzana ndiye akusankhira bambo katundu.

Tsiku lokaipereka kunali mwera. Tinafika padoko m'mawa, katoni ili chiimirire pa njinga ya malume, ine nditaigwirira mbali. Boti linali litadzaza kale matumba a mchere, njinga ziwiri ndi amayi a mabeseni. Woyendetsa anayang'ana katoniyo n'kulamula kuti igonekedwe pamwamba pa matumba. Anati ikaimirira igwira mphepo ngati tanga, boti lipendekeka. Sankalakwa. Koma nanenso ndinkadziwa zomwe mafunde angachite ndi galasi logonekedwa.

Ndinanena motsitsa mawu kuti pepani, imeneyi sigona. Anthu anaseka. Mayi wina anafunsa ngati mkatimo muli mazira kapena mkwatibwi. Woyendetsa anandifunsa kuti ndinabadwa liti kuti ndimuphunzitse kupakira boti. Kenako Che Saidi, amene anali atakhala kale kutsogolo, anatembenuka.

"Iwe mnyamata, tivi imeneyi ndi yanga. Igoneke, tizipita."

"Bambo, ikhala yanu ikayaka pakhoma panu. Pano ili m'manja mwanga, ndipo sindiigoneka."

Chibadwire ndinali ndisanayankhe munthu wamkulu chotero. Che Saidi anaimbira Mayi Nankhoma n'kundipatsa foni. Mayiwo sanafune kumva zambiri. Anati kasitomala satsutsidwa pagulu, ndipo ngati sindimvera, ndikangobweza zipangizo ndisadzaonekenso pashopu. Ndinayankha kuti ndamva, mayi, n'kubweza foni ndi manja awiri. Ndinanyamula katoni ija n'kukaiimika pamtunda. Malume anagwira mutu. Boti linanyamuka ndi Che Saidi, ine n'kutsala ndi tivi yawo, ntchito itandithera.

Ndikanatha kuibweza kushopu n'kumapita kwathu. Koma tiviyo ndinaisankha ndine, ndipo ndinafuna kuti aone okha kuti sindinawanamize. Ndinadikira mpaka masana, dzuwa ndi fungo la nsomba zili pa ine. Kunabwera boti lina loyendetsedwa ndi bambo wachikulire. Iwowo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati ngati ndi choncho, tiiimike pakati, motsata utali wa boti, kuti mphepo izikumana ndi mbali yopyapyala. Tinaikulunga ndi pulasitiki, n'kumanga ndi malegeni, n'kuipanikiza ndi matumba a madeya uku ndi uku. Ine ndinagwada pambali nditaigwira pamwamba. Funde likamenya, madzi ankandithira kumsana, ena n'kumadzaza m'mawondo. Boti likadumpha ndinkaikumbatira kuti isagunde pansi. Titafika pa Chisi zala zinakana kutambasuka, moti mnyamata wina wa padoko ndiye anandithandiza kuinyamula mpaka kunyumba.

Che Saidi sanandilonjere. Anangoloza khoma. Ndinawapempha kuti tisankhe khoma lina, poti limenelo linayang'anizana ndi zenera ndipo kuwala kukanaphimba chithunzi. Sanakane, ine n'kutenga kuti avomera. Ndinaboola ndi dilu ya batire, n'kumanga bulaketi, n'kulumikiza invata, dikoda ndi gemu. Nditaiyatsa ndinayang'ana ngodya zonse zinayi. Panalibe mzere ngakhale kadontho. Ana anayamba kulimbirana zosewerera, amayi a panyumbapo anandipatsa tiyi. Ndinawoloka kubwerera, ndinakasiya zipangizo kushopu, n'kupita kwathu kukapuntha mpunga.

Malume anandivuta masabata atatu kuti ndikapepese. Ankati ndawachititsa manyazi, poti ntchitoyo anachita kundipemphera. Ndinawauza kuti ngati mawu anga anakwera, pamenepo ndikhoza kupepesa. Koma kupepesa chifukwa choti tivi inayenda chiimirire, ayi. Akandipatsanso ina ndidzachita chimodzimodzi.

Ndipo anandipatsadi ina. Che Saidi anabwera kushopu ndi alamu awo a pa Chisi pomwepo, amenenso ankafuna tivi. A Chikopa, omwe anali atabwerako, ndi amene anandiuza zomwe bambowo ananena: "Mutume wamakani uja. Wina asaikhudze." Mayi Nankhoma anatuma malume kudzanditenga.

Mpaka lero ndimapereka moni nditawerama, ndipo foni ya munthu wamkulu ndimailandira ndi manja awiri. Koma ndinaphunzira padoko paja kuti kuvomera chilichonse si ulemu. Pa chinthu chimene ndachiyeza ndekha ndi tepi ndi mita, ndimanena zomwe ndikudziwa, ngakhale ndili ndi mantha. Amene amati ndinanyoza akuluakulu apite pa Chisi akaone tivi ija, ikuyakabe.

Mayi Nankhoma sanapepese, inenso sindinapepese. Anangondipatsa chikwama cha zipangizo n'kunena kuti boti linyamuka posachedwa. Linali tsiku la tchuthi cha ufulu, pa 6 Julayi.