Madzi Alibe Kuponi

Chaka chimene kuponi imodzi ya feteleza tinagawana mabanja atatu, ndinati basi, zakuno zandikwana. Feteleza wa m'mbale ungalime naye chiyani? Ndinasiya mwana wanga Tadala m'manja mwa amayi ku Chulu, ndinakwera basi ya ku Lilongwe.

Kumeneko ndinkachapira anthu zovala kumtsinje wa kumunsi kwa dera lomwe ndinkachita lendi. Mtsinje wake umenewo! Matewera a ana, majumbo, matumbo a nkhuku, ena mpaka kulozetsa paipi ya chimbudzi momwemo. Anthu a m'tauni ndinkawanyoza ine. Munthu watchena bwinobwino, koma zinyalala akukaponya m'madzi ngati alibe mphuno. Lamlungu ndinkangobindikira m'kachipinda, wocheza naye ndilibe, kudikira kuti amayi afulashe pafoni ya achimwene. Ndikaimba, nkhani inali yomweyomweyo: Tadala watsegulanso m'mimba, tumiza ya mankhwala. Ndinkatumiza, mumtima n'kumati bola ali kumudzi, kumadzi abwino.

Kunabwera a bungwe lina ndi matisheti, ati kudzayeretsa mtsinje. Anthu anatola majumbo awiriawiri, kujambulitsa, n'kubalalika. Zachibwana zenizeni. Titakumana amayi ochapa tokhatokha, ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza kuti kwathu munthu wothawa ntchito ya mudzi, akaferedwa, adzukulu okumba manda amangokhala pansi, makasu ali poteropo. Anaseka, koma anaitola nkhaniyo. Tinagwirizana kuti khomo losatumiza munthu kumtsinje Loweruka, sitidzapita kukaphika pamaliro pawo. Maliro opanda ophika angawafune ndani? Ngakhale eni nyumba za lendi anabwera ndi mafosholo, ndipo mapaipi aja anatsekedwa. Madzi anasiya kununkha, manja anga anasiya kuyabwa. Ndinkayenda mothimbwidzika, n'kumati mwambo wakwathu umenewo.

Ndinabwerera ku Chulu nyengo ya nazale za fodya, ndipo Tadala ndinamupeza ataonda ngati bango. Ndinamuuza kuti akandionetse komwe amatunga madzi. Kudamboko tinapeza achimwene akutsuka pampu yopopera mankhwala a fodya, thovu likutsetserekera pachitsime. Chakumtunda ng'ombe zinali zitaima m'madzi momwemo.

"Achimwene, ana akumwa madzi amenewa."

"Takhala tikumwa, sitinafe. Za m'tauni uzisiye komweko."

Ndinayenda khomo ndi khomo kuitanira anthu kumsonkhano, maganizo anga ali oti tikumbe chitsime china kumtunda n'kuchitchingira. Loweruka bwalo linadzaza, mpaka nkhalamba zoyendera ndodo. Ndinakondwa, kupusa kwanga. Kani zinamveka kuti wa ku Lilongwe uja wabwera ndi nkhani ya makuponi. Nditangotchula madzi, anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, uku akusasa fumbi. Achimwene ndiwo anatsogola. Ndinakweza mawu kuwakumbutsa za adzukulu. Amayi anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti ndisadzichititse manyazi, masiku ano adzukulu amakumbira aliyense bola awapatse kangachepe.

Anthu omwe angagone pamzere chifukwa cha thumba la feteleza, analephera kukhala pansi kumva za madzi omwe ana awo akumwa. Ndinanyansidwa nawo, sindibisa.

Lolemba ndinamanga zovala za Tadala m'chitenje. Amayi anandifunsa ngati ndikufunadi kupita naye mwana ku uve kuja ndinkawauza pafoni.

"Eya, amayi. Kumeneko Loweruka anthu amabwera."