Chifuwa Changa ndi Mpweya Watsopano

Ndinabadwira kumapiri a ku Ntchisi, koma ntchito inanditengera kunyanja, kwa azungu ofufuza za nsomba. Kumeneko ndinaphunzira kumira ndi botolo la mpweya kumsana. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, muja wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika wa Mponela.

Tsiku lina mkulu wa pantchito anatiuza kuti kwabwera mpweya wina, wothiramo okosijeni wambiri. Woupuma amakhalitsa pansi, koma akazama mopitirira muyezo amagwa ngati wakhunyu, m'madzi momwemo. Wofuna kuuphunzira ankayenera kukhala wozolowera kale kumira, kudziwa masamu a kuzama, kuyeza yekha mpweya wa m'botolo lake, ndiponso kupimidwa ndi dokotala.

Masamu sanandiopse. Chinandigwetsa ndi chifuwa. Dokotala atandimvetsera anati, "Mumasuta eti? Kasiyeni, mudzabwere mvula ikatha."

Kuntchito anandipatsa tchuthi, ndipo ndinafika kumudzi nyengo yofukiza fodya wa chikopa. Bambo anga atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wa mlimi wa fodya kukana fodya! Zakuuza ndi nsombazo?"

Koma m'mawa mwake nditalunjika kuchigafa, anandibweza pakhomo.

"Iwe muno ayi, muli utsi. Kapalire mtedza kuphiri."

Mundawo unali pamwamba penipeni. Masiku oyamba ndinkafikako ndili wefuwefu, chibaba cha fodya chitandigwira. Ndinkapsa mtima ndi aliyense, ngakhale mbuzi. Bambo ankandisiyira nzimbe pakhonde kuti pakamwa pasakhale chabe, ndipo iwo akafuna kusuta ankazembera kuseri kwa nkhokwe, ngati kuti sindikuwaona. Pang'onopang'ono phiri lija linayamba kufupika. Tsiku lina ndinangodabwa ndafika pamwamba ndikuimba.

Nditabwerera, dokotala anandiuza kuti ndipume mozama kangapo, kenako anati, "Kaphunzireni." Maphunzirowo ndinakhoza.

Tsiku loyamba kumira ndi mpweya watsopano, ndinauyeza ndekha, ndikuwerengera malire a kuzama kwanga osafunsa munthu. Pansipo ndinakhazikika pafupi ndi mwala. Kansomba kabuluu kanalavula tiana take kuti tidye, ndipo nditasuntha dzanja tiana tonseto tinathamangira m'kamwa mwa make. Kale ndikanakhala nditayamba kukwera. Tsiku limenelo ndinadikira mpaka kanalavulanso tiana tija.