Kompyuta Yolankhula ya Ba Gabson

Peggy anakulira ku Mpanshya. Atamaliza kosi ya makompyuta ku Lusaka, anabwerako n'kutsegula kashopu kokonza mafoni pamsika wa Rufunsa. Koma chimene amachisamalira kwambiri si mafoni ayi, ndi kompyuta yakale ya amalume ake, ba Gabson.

Ba Gabson anali mphunzitsi mpaka pamene matenda a shuga anawachititsa khungu. Mnzawo wina, yemwe anamwalira kale, anawapangira pulogalamu yowerenga mokweza Chinyanja ndi Chisoli. Pulogalamuyo imayenda pa sisitimu yakale yokha, imene eni ake anaisiya kalekale.

Chaka china kompyutayo inayamba kukana kutsegula nkhani zimene ana awo ankawatumizira. Peggy anakaitenga pa minibasi. Ataifufuza anapeza kuti pulogalamuyo iyenera kumangidwanso. Vuto linali kompaila, chida chosandutsa zolemba za munthu kukhala zimene makina amamva. Inali itakalamba moti inkakana chilichonse chatsopano.

"Ngati yafa ungondiuza, mwana wanga," anatero ba Gabson pafoni.

"Sinafe, ba malume. Manje mundipatseko nthawi."

Peggy mwiniyo sankadziwa poyambira. Pofufuza pa intaneti anapeza kagulu ka anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene amasamalira sisitimu yakaleyo mongodzipereka. Anawalembera mwamanyazi. Mayi wina wa kutsidya kwa nyanja anamuyankha moleza mtima, n'kumutsogolera pang'onopang'ono kuti akonze kompaila yakaleyo kuti ithe kumanga yatsopano. Nthawi zina makinawo ankagwira ntchito masana onse, Peggy ali kalikiliki ndi mafoni a anthu, kenako n'kulephera kumapeto kwenikweni. Ankapukusa mutu n'kuyambiranso.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, zinatheka. Peggy anaibweza kompyutayo ku Mpanshya, ndipo itayatsidwa inawerenga bwinobwino uthenga wa mwana wa ba Gabson wa ku Kabwe. Ba Gabson anamvetsera dzanja lili pakamwa, kenako Peggy anawafotokozera za kagulu kaja.

"Anthu akuthandizawo amandidziwa?" anafunsa.

"Sakudziwani ayi."

"Uwalembere kuti kuno kuli nkhalamba imene ikuthokoza ndi manja awiri."

Mpaka lero, gululo likatulutsa zokonza zatsopano, Peggy amaziika pa fulashi, amatseka shopu Loweruka n'kukakwera minibasi ya ku Mpanshya. Nayenso anayamba kuyankha mafunso a ena m'gulumo.