Pepala la Magazi Ako, Nelia

Nelia mlongo wanga, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyire, koma mkwiyo sunandithere. Ndikukumbukira tsiku lija tinatsika minibasi pa Mtendere tikuchokera ku kiliniki. Unali utasiya kugulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, sunkadya, sunkaseka, mawondo ali otupa. Unandionetsa pepala la zotsatira za magazi ako, nkunena kuti, “Ba nesi bakamba ati thupi yanga niyotupa mukati, ati kutupa kukakula, kambiri na kukhumudwa kumakula. Mwaona, akulu anga? Sindine waulesi.” Unamwetulira koyamba chaka chimenecho.

Pepala lija amuna ako sanabwerere nalo kwa dokotala. Analipititsa kwa mneneri kuti akalidzoze mafuta, ndipo linabwerako zilembo zitafufutika. Ine, amene mumanditcha wophunzira wa pabanja, ndinangoti za m'nyumba ya eni salowerera. Ndimawakwiyira alamu, koma ndimadzikwiyira kwambiri ndekha. Tsopano mwana wako Tamara wayamba kudzitsekera m'chipinda osadya, ndipo atate ake akuti ndi ziwanda. Ndakangana nawo mwezi wathunthu. Dokotala wa maganizo wavomera kudzamuona Lachitatu, ndipo ndikamutenga ndekha, alamu afune asafune.