Loya wa pa Chulu

Inu amene mukuti moyo wakukhalani pakhosi, sendezani mpando ndikuuzeni za Deliwe wa kumalire a Mwanza.

Mwamuna wake, dalaivala wa thiraki, adamwalira pa ngozi. Misozi isanaume n'komwe, mkulu wa malemuyo, a Mateyu, adatulukira ndi pepala la Chingerezi.

"Sainani apa, alamu. Ndi za bokosi."

Deliwe adasaina osawerenga. Sabata isanathe adapezeka panja ndi ana awiri komanso poto wopanda chivindikiro. Pepalalo linkati nyumba waisiya mwa kufuna kwake.

Adapeza kachipinda kuseri kwa msika n'kuyamba kugulitsa mtedza wophika kwa madalaivala. Koma pepala lija linkamuyabwa mumtima. Atamva kuti kuli koleji yophunzitsa ntchito yothandiza maloya, ndipo kalasi yake ndi foni, adapukuta satifiketi yake ya Fomu 4 yodyedwa ndi mphemvu m'mbali, nalembetsa.

Tsono kumalire foni ilibe khalidwe. Ukangotembenuka, yawoloka popanda pasipoti n'kukagwira netiweki ya ku Mozambique. Tsiku la mayeso oyamba, Deliwe ali pa funso lachitatu, foni idapita ku Zobue. Pobwerako nthawi idali itatha. Adalephera.

Wina akadaigulitsa foniyo. Deliwe adaikweza m'mwamba n'kuzungulira nayo dera lonse ngati sing'anga wosaka nyanga, mpaka adapeza chulu cha m'mphepete mwa munda pomwe foniyo inkakumbukira kwawo. Masana alionse ankakwera pamenepo ndi kope lake. Anthu adamutcha loya wa pa chulu.

Tsiku lina a Mateyu adaimitsa njinga pansi pa chulupo.

"Alamu, khoti lanu likuyamba nthawi yanji? Oweruza ndi mbuzizi?"

"Likuyamba posachedwa, alamu. Musapite patali."

Pa chulupo ndi pomwe adaphunzira kuti lamulo limaika mkazi wamasiye ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu.

Pa mayeso obwereza, woyang'anira adalankhula m'fonimo: "Zungulitsani kamera, tione ngati muli nokha m'chipindamo."

Deliwe adaonetsa mitambo, chimanga ndi tonde.

"Nanga uyo ndani?"

"Musamuope, bwana. Malamulo sawadziwa. Ali ngati alamu anga."

Adakhoza, osati mongodutsa pawindo ayi.

Bungwe lina lothandiza anthu pa milandu pa Boma lidamulemba ntchito. Fayilo yoyamba yomwe adakonzera loya wa bungwelo idali yake yomwe: kalata ya ukwati, mapepala a malo, ndi maina a amayi atatu omwe adaona kuti adasainitsidwa maliro ali m'nyumba. Loya adalankhula, khoti lidagamula, nyumba idabwerera kwa eni ake.

A Mateyu adabweretsa makiyi ku ofesi, chipewa chili m'manja.

"Alamu, izi tikadangokambirana pachibale."

Deliwe adawasendezera pepala lotsimikiza kuti makiyi aperekedwa. "Sainani apa."

A Mateyu adatola cholembera mwachangu. Deliwe adaika dzanja pa pepalalo.

"Ayi, alamu, werengani kaye. Ine sindine inu."

Ndiye inu mukudandaula kuti sukulu idakutalikirani, koma foni ili m'thumba ikungotumiza nthabwala? Zulu zilipo zambiri m'dziko muno. Pezani chanu, mukwerepo. Akakusekani, asiyeni, mano ndi awo. Mtima wokhawo osautaya.