A Bryson ndi Katoni ya Mafulashi

Alamu anga, a Bryson Nakhumwa, sanagulepo chinthu chimodzi chokha m'moyo mwawo. Akafuna singano amabwera ndi paketi, akafuna ambulera amabwera ndi katoni. Chimene anatenga chimodzi ndi mkazi basi, achemwali anga a Enifa, ndipo ndimakhulupirira kuti chinali chifukwa choti mpingo sulola kupikula.

Ine ndine Lizzie, telala wa pa Chitakale. Makina anga ali pakhonde limodzi ndi kashopu ka alamuwo, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kuzitola kuchigayo. Ndaziona ndekha zaka khumi ndi ziwiri, phazi lili pa makina.

Alamuwo anabadwira ku Milonde, bambo awo atachoka ku Mozambique ndi khasu ndi mphasa. Atalekeza sukulu Fomu 2 analembedwa ntchito kuesiteti ya tiyi ngati kalaliki wa pasikelo, woyeza masamba amene anthu athyola. Kumeneko anatchuka zedi. Munthu akayala masamba anthete pamwamba, pansi pa dengu atabisa okhwima kapena onyowa, a Bryson ankapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kuwavumbulula pamaso pa mzere wonse. Othyola tiyi ankati akawaona akubwera, moni ankathera kukhosi. Mungaganize kuti munthu wotereyu palibe angamuike dzanja m'maso.

Ntchito itatha anagula kompyuta yakale ndi kamera, n'kutsegula kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu. Ankajambulanso maukwati, zinkhoswe ndi maliro. Kuyambira pamenepo anayamba kuvala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo akamalankhula za kompyuta ankatsitsa mawu ngati dokotala. Matenda opikula aja anakulirakulira. Anabweretsa mabatire okwana mudzi wonse, amene ankatha wayilesi isanamalize ndime yoyamba ya nyimbo. Anabweretsa maambulera amene ankatseguka kamodzi kokha, ndipo mvula ya kuno ku Mulanje mukuidziwa. Achemwali anga ankangoseka, n'kutenga maambulerawo kukafunditsira anapiye.

Zaka zitatu zapitazo a Enifa anadwala matenda amene madokotala anawatchula dzina koma osawapezera mankhwala. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Tiyamike, amene panthawiyo ankaphunzira unamwino ku Blantyre. Tsiku lina m'mawa, atadziwa okha kuti ulendo wayandikira, achemwali anatiitana kuchipinda ine ndi a Bryson.

"A Bryson, tengani kamera yanu ija," anatero. "Ukwati wa mwanayu sindidzauona. Ndikufuna ndimusiyire mawu."

Kwathu kuno, mawu amene mayi amauza mwana wake wamkazi akamalowa m'banja mwamuna samva, makamaka bambo wake womubala. Alamu anaimika kamera pa miyendo yake, anandionetsa kabatani kofiira, kenaka anatuluka n'kukakhala patsinde pa mpeyala, kutali ndi zenera. M'chipindamo tinatsala awiri. Achemwali analankhula pafupifupi ola lathunthu, akupumira m'njira. Pomaliza anatilamula tonse kuti munthu asatsegule mpaka tsiku loti mawa lake Tiyamike akukwatiwa. Anatisiya mu Juni, chiperoni chili m'kati.

Vidiyoyo alamu anaisunga m'kompyuta, ataipatsa dzina loti ZA TIYAMIKE. Ankakhala nayo okha m'shopu tsiku ndi tsiku, akuwasowa akazi awo moti anaonda mpaka jekete linawakulira, koma sanaitsegule ngakhale kamodzi. Pamenepa pokha sindiwaseka, ndimawapatsa ulemu.

Kenaka anthu anasiya kufuna ma CD. Aliyense, wa minibasi, wa kabaza, mayi wa kwaya, ankafuna nyimbo zake pa fulashi. Munthu wanzeru akanagula zisanu kaye kuti aone. Alamu anakwera minibasi ya ku Limbe m'mamawa, n'kubwerako madzulo atakumbatira katoni ngati mwana wakhanda. M'katimo munali mafulashi zana limodzi, onyezimira, aliyense atalembedwa kuti 64 GB.

"Alamu, bwerani mudzaone," anandiitana. "Mtengo wake ngati tomato wa madzulo. Mwamunayo amafuna kundikaniza, ndachita kumugwira mwendo."

"Wogulitsa kukukanizani katundu? Koma ndiye anali wachifundo. Shopu yake ili pati?"

"Shopu ya chiyani? Mashopu ndi amene amatibera. Uyu amayenda ndi chikwama."

Anatenga imodzi, anaikamo nyimbo zitatu, anaziliza, zinalira. Anavina pang'ono pakhondepo, ndipo kuyesa kunathera pomwepo. Munthu amene ankapisa dzanja mpaka pansi pa dengu la tiyi anakhutira ndi masamba a pamwamba, chifukwa ulendo uno dengulo linali lake.

Sipanathe mwezi, madandaulo anayamba. Woyamba anali Trust, dalaivala wa minibasi, amene anati nyimbo zimalira bwinobwino kuchoka pa Chitakale mpaka pa Thuchila, kenaka zii, ulendo wonse wa ku Limbe amangomva injini ndi okwera akukangana. Alamu anati ndi wayilesi ya m'galimoto. Anabwera mayi wina amene anamujambula ukwati. Pa fulashi yake amaoneka akuvala, akutuluka m'nyumba, akukwera galimoto, basi. Kutchalitchi safika, ndipo malinga ndi fulashiyo mpaka lero sanakwatiwe. Alamu anati ndi vayirasi. Kwa ena ankati ndi chinyezi cha m'phiri.

A Dan, amene amakonza mafoni kutsidya kwa msewu, anaoloka tsiku lina ali ndi imodzi m'manja.

"Achimwene, zinthu izi n'zonama," anatero. "Kunja alemba 64, ndipo kompyuta nayo imanamizidwa, koma malo enieni m'katimu ndi ochepa kwambiri. Zoyamba kulowa zimakhala. Ikadzadza, zotsatirazo imangolemba dzina, m'kati mulibe kanthu."

"Nsanje, a Dan," anayankha alamu. "Mwaona kuti makasitomala akukhamukira kuno."

Makasitomala ankakhamukiradi, koma ankabwera kudzatukwana. Ine ndinangoti chikomekome cha mkuyu, n'kupitiriza kusoka.

Chaka chatha kompyuta ija inayamba kubuula ndi kuzima yokha. Okonza makompyuta anawauza kuti ikufunika kufufuta zonse n'kuyambiranso, ndiye asamutse kaye zimene akufuna. Ndinawapeza atayala mafulashi otsala patebulo, akunyamula imodziimodzi pachikhatho, maso atatsinzina. Zaka za pasikelo zija sizinapite pachabe, ankafuna yolemera kuposa zinzake. Ataipeza anayamba kulongedza. Analowetsa mafilimu a nkhondo, nyimbo za makwaya onse a m'boma lino, maukwati ndi maliro a anthu. ZA TIYAMIKE anailowetsa pomalizira penipeni.

"Bwanji osayamba ndi ya achemwali?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Alamu, mukamalongedza dengu la kumsika, mazira mumaika pansi? Chosachedwa kusweka chimakhala pamwamba, chisaponderezedwe."

"Nanga zija ananena a Dan?"

"Taonani apa." Analoza pa kompyuta. "Dzina likuoneka kapena silikuoneka?"

"Likuoneka."

"Ndiye mukufunanso chiyani?"

"Tulukani panja, ndiitsegule ine pang'ono pokha, ndione ngati yalowa. Ine ndi mkazi, komanso ndinalipo."

"Mwini wake anati munthu asatsegule. Inuyo si munthu?"

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa n'kosavuta kuseka alamu okha. Kompyuta inali isanafufutidwe, vidiyo yeniyeni inali momwemo. Ndikanalimbikira akanagonja, paja pokangana sanandiposepo. Ndikanatha kugula fulashi ina yabwino pa a Dan pomwepo n'kuwauza kuti akoperenso. Koma atakana mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinkaopa kuonanso nkhope ya achemwali anga itatha chonchija. Ndinangoti chabwino, n'kubwerera ku makina. M'mawa mwake kompyuta inapita kokafufutidwa.

Fulashiyo anaikulunga m'kampango koyera n'kuiika m'thumba la m'kati la jekete. Kulikonse kumene ankapita ankaigwiragwira pachifuwa. Mafulashi enawo anayamba kuwapereka ngati basera kwa aliyense wogula nyimbo, ndipo ngakhale aulerewo anthu ena ankawabweza.

Chaka chino Tiyamike anabweretsa mwamuna, mphunzitsi wina wofatsa dzina lake Austin. Ukwati unakonzedwa Loweruka lina mu Seputembala. Lachisanu masana tinasonkhana kumudzi kwathu ku Thuchila, m'nyumba imene achemwali anamwaliriramo. M'chipindamo munali ine, Tiyamike ndi anankungwi awiri oti amulange. Mwanayo anadikira tsikuli zaka zitatu. Anandiuza m'mawa mwake kuti chovala cha ukwati chimene ndinamusokera sichikumusowetsa tulo, chimene akufuna ndi kumva amayi ake akumuitana.

Alamu anabwera ndi TV ya kushopu atamanga pa njinga. Analumikiza mawaya, anatulutsa kampango kaja, anapereka kwa mwana wawo ndi manja awiri. Kenaka anatuluka, n'kukakhala patsinde pa mpeyala womwe uja, atatifulatira.

Tiyamike analowetsa fulashi. Panabwera mndandanda wautali wa mafilimu ndi makwaya, iye n'kutsika mpaka pansi. Dzina linalipo. Anadina. TV inada, kenaka panatuluka timawu ta Chingerezi toti singathe kutsegula. Anadinanso, zomwezo. Anazula, anapemerera, analowetsanso.

"Mwina mawaya," anatero mmodzi wa anankungwi aja.

Tiyamike anatsegula filimu ya pamwamba pa mndandanda. Inayamba nthawi yomweyo, asilikali akuwomberana, ndipo anaizimitsa msanga. Anatulutsa laputopu yake m'chikwama n'kuyesa pamenepo. Anadina kangapo, zomwezo.

"Mulibe kanthu, mayi," anandiuza motsitsa mawu. "Ndi dzina lokha. Kopi ina ili kuti?"

Ndinapukusa mutu. Ndinamuuza za kompyuta, za mazira, za tsiku limene ndinati chabwino. Sindinabise mbali yanga. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Koma inu munalipo," anatero. "Munamva zonse. Ananena chiyani?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga, ndipo manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ola lonse lija ine ndinkayang'ana kanyale kofiira ka kamera, kuopa kuti kangazime. Ndikachotsa maso pamenepo ndinkayang'ana manja a achemwali mmene anaondera, n'kumalimbana ndi misozi kuti isamveke m'vidiyo. Mawuwo sindinawasunge, ndinkati makina akumva. Ndimakumbukira chitenje chimene anafunda, ndimakumbukira kuti penapake anaseka mpaka kutsokomola, koma chimene chinawaseketsa sindichidziwa. Ine amene ndingakuuzeni mawu aliwonse opusa amene alamu analankhula zaka khumi ndi ziwiri.

Kenaka mawu anachokera kumpeyala, munthu akukuwa koma asanatembenuke.

"Tiyamike! Akumveka mayi ako?"

Mwanayo anandiyang'ana. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anadzuka, anapita pazenera. Kunjako bambo ake anakhala chowongoka pa kampando, jekete lili pathupi dzuwa lonselo, manja ali pa maondo ngati ali m'tchalitchi.

"Akumveka, bambo," anayankha.

"Bwinobwino?"

"Bwinobwino."

"Eyaa! Ndinanena ine," anatero alamu. Tinawaona akutulutsa kampango kena n'kudziphimba kumaso, mapewa akugwedezeka.

Tiyamike anatseka zenera. Anayang'ana anankungwi aja mmodzimmodzi, iwo n'kugwedeza mutu, ndipo tonse tinadziwa kuti nkhaniyi situluka m'chipinda muno. Anazimitsa TV, anabwera kudzakhala pamphasa patsogolo panga, miyendo atatambasula, mutu atazolika monga achitira mkwatibwi polandira mwambo.

"Yambani, mayi," anatero. "Ngakhale mawu awiri."

Chimodzi chokha ndinali nacho chotsimikiza. Kamera itangoyaka, achemwali anayamba ndi kuitana dzina la mwana wawo kawiri, pang'onopang'ono, ngati ali kuseri kwa nyumba. Ndinakonza kukhosi, n'kuyambira pomwepo.